Maola Anayi a Fulashi ya ku Luwawa

Dzina la Keziya Jere linaba matabwa odzaza lole kasanu, mwini wake osadziwa kanthu. Iye anazimvera pa foni Lolemba m'mawa, akulimbana ndi loko wa ofesi yake, kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya zitsulo pa boma la Mzimba.

Uthengawo unali pa gulu la WhatsApp la kuntchito, pomwe anthu onse khumi ndi awiri a kampani ya Lumbe amawerenga. A Stewart Kadzuwa, mkulu wa kampaniyo amene amakhala ku Lilongwe, anali atajambula mizere itatu ya pulogalamu, pambali pake pakuoneka dzina la amene anaikweza pa seva: Keziya. Pansi pake analemba mawu ochepa. "Apolisi akubwera kumeneko. Akaunti yanu taitseka. Lachisanu tikumana kuti timalize za ntchito yanu."

Onse anawerenga. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsokomolako.

Kampani ya Lumbe inalibe denga limodzi. Ena anali ku Lilongwe, ena ku Blantyre ndi ku Zomba, Goodluck Mvula anali m'nkhalango ya paini cha ku Luwawa, Keziya pa boma. Ambiri anali asanagwiranepo chanza. Ankadziwana mawu, tizithunzi ta pa foni, ndi ntchito basi. Ndiye dzina likada pa gululo, ladera pomwepo, chifukwa panalibe khonde loti n'kukhalapo ndi mnzako n'kumufotokozera.

Keziya anamenya loko uja ndi chikhatho mpaka chala chinatuluka magazi. Ali mkati moyamwa chalacho, kumbuyo kwake kunamveka mawu.

"Chitseko chakulakwirani chiyani, asisi?"

Anali mayi wamfupi, wojintcha, atavala suti yotuwa ndi nsapato zafulati. Anadzitchula kuti ndi Sajeni Lucia Kamwendo wa ku nthambi yofufuza milandu. Kalankhulidwe kake kanali ka ku Dedza kopanda chosakaniza.

Analowa. Sajeni anakhala pa mpando umodzi wokha umene unalimo, Keziya anaima.

"Za makompyuta ine ndi mlendo," anatero Sajeni. "Ndifotokozereni ngati mukufotokozera azakhali anu."

Keziya anapuma kaye. "Tinapangira pulogalamu kampani ina yocheka matabwa cha ku Luwawa. Pa geti pali mlonda ndi foni. Lole ikafika, amalemba nambala yake. Ngati ili ndi chiphaso, foni imaonetsa zobiriwira, geti n'kutseguka. Ngati ilibe, zofiira. Mizere itatu iyi ikuuza foniyo kuti nambala yakutiyakuti ikafika, onetsa zobiriwira, usafunse, ndipo usalembe paliponse kuti yadutsa."

"Nambalayo taifufuza kale. Ndi ya minibasi ina ya ku Zomba, anangoimata pa lole yoyera. Mizereyo munalemba ndinu?"

"Ayi."

"Nanga dzina lanu likutani pamenepo?"

"Kwa Goodluck kulibe netiweki yoti n'kukwezera ntchito. Akalemba, amaika m'fulashi, n'kupatsira dalaivala wa lole Lachiwiri lililonse. Ine ndimalandira n'kukweza. Chilichonse chochokera ku Luwawa chimatuluka ndi dzina langa. A Stewart akudziwa zimenezi! Anakonza ndi iwo omwe!"

"Munaiwerenga musanakweze?"

"Ndinapempha kawiri konse kuti tizionerana ntchito. Anati zichedwetsa. Anati kasitomala sadikira."

"Sindinafunse zimenezo, asisi. Munaiwerenga?"

Keziya anayang'ana chala chake. Mkwiyo wonse uja unasowa pogwira.

"Ayi."

Sajeni analemba liwu limodzilo m'kabuku kake, n'kutseka. "Ndikanakhala waulesi ndikanakutengani pompano, nkhani n'kutha. Koma mbava yosaina dzina lake pa katundu wakuba sindinaionepo. Njinga yamoto ili panjayi ndi yanu? Tiyeni. Ndikufuna wondimasulira ziyankhulo ziwiri, Chitumbuka ndi chinenero chanu cha mizerechi."

*

Anafika pa msasa wa ocheka matabwa dzuwa lili pamutu, koma mphepo ya m'paini inkaluma ngati m'mawa. Fungo la utomoni linali ponseponse. Goodluck anawaona ali patali, n'kuyamba kupukuta manja pa thalauza ngakhale anali ouma. Anali wamtali, woonda, wa juzi ziwiri.

"Monire mose. A NyaJere, Chiuta ndi mboni, ine sindinalembe vinthu vija. Ndinamva m'mawa uno pa phiri, mbwenu mtima unangoti phwii. Ndimafuna ndilembe pa gulu, kweni ndinati ndikayankhula andilozanso ine."

"Ndiye munati bola andiloze ine," anatero Keziya.

"Yayi, sindinatero. Ndinangoti..."

"Munangoti chete. Chete wake ndi yemweyo."

Sajeni anakweza dzanja. "Bambo Mvula, muli ndi umboni kuti simunalembe?"

Goodluck analowa m'kanyumba kake ka matabwa n'kutuluka ndi hadikava yakuda, m'kati mwake muli pepala la kaboni lotheratu. Anaitsegula mwaulemu ngati buku la nyimbo.

"Adada anakhala ku Joni zaka khumi ndi zisanu. Akamatumiza katundu ndi atransipota, ankalemba kalata: mabulangete awiri, mapoto atatu, nsapato za amama. Popanda kalata, mbwenu bulangete limodzi limatsikira pa Mwanza. Kwathu katundu sayenda wopanda kalata. Ndiye nanenso fulashi iliyonse ndimaikulunga m'kalata yake, fayilo yakuti, ndasintha chakuti. Ina imatsala muno. A NyaJere akhoza kuvomereza."

Keziya anamuyang'ana. "Kalata yanji?"

"Imene imakhala m'envulopu."

"M'envulopu mumakhala fulashi yokha, Goodluck. Chiyambire. Sindinalandirepo pepala ndi limodzi lomwe."

Macheka anali kulira kuseri kwa phiri.

Sajeni anakoka hadikava ija n'kupeza tsamba la Lachiwiri la masabata atatu apitawo, tsiku limene mizere ija inakwera. "Apa palembedwa mafayilo atatu. Inu munakweza angati?"

Keziya anatulutsa foni, n'kukulitsa chithunzi chija anatumiza a Stewart. "Anayi. Yachinayi ndi ya pa geti."

"Ndiye fayilo ina inakwera lole pa njira."

Goodluck anakhala pa chitsa. Anayamba kutola utuchi pa juzi lake kamodzikamodzi. "Bwana, pali chinanso. Ndapota, musandiseke. M'mwezi wa Marichi a Stewart anandiyamikira pa gulu, akuti Goodluck wakonza vuto la foni kuzima mlonda akalemba nambala yaitali. Onse anaomba m'manja. Ine vuto lija linandikanika masabata awiri. Sindinalikonze ine."

"Ndiye munati wakonza ndani? Angelo?" anafunsa Keziya.

"Ndinati ndinu, mukundibisira manyazi. Zinachitikanso kangapo. Ndimati NyaJere ndi munthu wabwino chomene."

Keziya anafuna kuseka, anafunanso kumutema ndi hadikavayo. Miyezi yonseyi iye ankaganiza kuti Goodluck wakhwima pa ntchito, Goodluck ankaganiza kuti Keziya ndi wachifundo, ku Lilongwe akuomba m'manja. Pakati pawo panali munthu wachitatu amene kampani sinkamudziwa.

"Lole imanyamuka nthawi yanji kuno?" anafunsa Sajeni.

"Seveni koloko m'mawa. Dalaivala wake, a Chikomeni, sachedwa."

"Inu mumalandira nthawi yanji?"

"Thu koloko masana."

"Ife pa njinga tayenda maola awiri ndi theka. Lole yolemera, tinene atatu. Teni koloko ili pa boma." Sajeni anapinda zala zinayi, chimodzichimodzi. "Maola anayi awa fulashi imakhala kuti?"

Asananyamuke, Sajeni anauza Goodluck kuti mawa atumize monga mwa masiku onse, kalata yake momwemo, ndipo asauze munthu.

*

Lachiwiri, cha m'ma hafu teni, anapeza lole ya Chikomeni pa malo ogulitsira matabwa kuseri kwa msika, anthu akutsitsa. Mwini wake anali pamwamba pa katundu, mimba patsogolo, akulamula ndi chinangwa chowotcha m'manja ngati ndodo ya wotsogolera kwaya. Lole yake inali yabuluu, osati yoyera, koma Keziya anali atamuweruza kale usiku wonse.

"Ehe, bwana wa makompyuta!" anafuula. "Lero mwanditsata? Thu koloko sinakwane. Kapena mwandisowa?"

"Tsikani," anatero Sajeni, akuonetsa chiphaso chake.

Chikomeni anatsika msanga kuposa mmene thupi lake linkalolera. "Madamu, matayala ndi atsopano, layisensi ili m'galimoto. Chinangwachi ndagula."

"Envulopu ya ku Luwawa ili kuti?"

"Ili pabwino."

"Mumaitsegula?"

"Ine? Fulashi imene ndimaidziwa ine ndi ya nyimbo za kwaya. Za ana awa ndikaika mu wailesi sizilira. Ndinayesapo kamodzi, ndisaname."

"Ndiye munatsegula," anatero Keziya. "Kalata munaitaya kuti? Anakutumani ndani?"

"A NyaJere, pepani, khalani pansi mtima. Kamodzi kokha, chaka chatha, ndipo pepala ndinabwezeramo. Ine kuwerenga kwanga ndi zikwangwani za pa msewu."

Sajeni anamugwira Keziya pa mkono kuti akhale chete. "Kuyambira teni mpaka thu, envulopu imakhala m'thumba mwanu?"

"Yayi. Tsiku loyamba lenileni inagwera mu utuchi tikutsitsa, tinaifuna ola lathunthu, ine thukuta kamukamu. Kuchokera tsiku lomwelo ndinati ayi, katundu wa eni asamakhale pa ine ndikamagwira ntchito. Ndikangofika ndimakasiya foni pa tchaji ku depoti, envulopu ndimasiya pomwepo. Ndikamaliza, ndadya, ndimakatenga zonse ziwiri n'kupita nazo kwa a NyaJere. Munthu wake ndi wokhulupirika, sanatayepo kanthu."

"Ndani?"

"Woikira anthu nyimbo m'mafulashi uja. Knowledge Zgambo."

Sajeni anamva mkono umene anaugwira uja ukulefuka. Anatembenuka. "Mukumudziwa?"

Keziya ankamudziwa. Zaka zisanu zapitazo anachoka kwawo ku Embangweni ndi satifiketi ya Folomu 4 imene sinamutsegulire khomo la koleji iliyonse. Ankagulitsa mandasi a azakhali ake pa depoti. Knowledge ndi amene anamuona akusuzumira pa laputopu yake yong'aluka galasi, n'kumusendezera benchi. Mzere woyamba umene Keziya analemba pa moyo wake anaulembera pa laputopu imeneyo. A Lumbe atalengeza ntchito, iye ndi Knowledge anafunsira onse awiri. A Lumbe anamuitana Keziya. Knowledge, amene sukulu anasiyira Folomu 2, iwo sanamuyankhe n'komwe.

"Ndi aphunzitsi anga," anatero.

*

Kanyumba ka Knowledge kanali ka malata, kopanikizika pakati pa ometa ndi wogulitsa tchipisi. Kutsogolo kunali thabwa la mafoni pafupifupi makumi awiri akuyamwa moto, sipika ikuphulika nyimbo. Mwini wake sankaoneka. Kuseri kwa nsalu yotchinga kunkamveka kugogoda kwa zala pa laputopu.

Keziya sanaodire. Anakoka nsaluyo mpaka inathothoka pa waya.

Knowledge anali atawerama, magalasi omanga ndi ulusi ali pamphuno. Envulopu inali yotsegula pa bondo lake, fulashi ili m'laputopu. Pa khoma panali msomali, ndipo pa msomalipo panabayidwa mapepala ambirimbiri, onse a dzanja lopendekera la Goodluck. Lapamwamba linali la lero.

Anakweza maso, n'kuona Keziya, n'kuona mayi wa suti yotuwa. Sanathawe. Analoza pa galasi.

"Goodluck walakwitsanso pa mzere wa fote," anatero motsitsa. "Deti ikafika pa sate wani, pulogalamu igwa."

"Musandiuze za mzere wa fote!" Mawu a Keziya anaposa sipika. Ometa anasiya mutu wa munthu uli theka. "Dzina langa lili pa gulu ngati mbava! Lachisanu andichotsa ntchito! Munandiphunzitsa kuti mudzandiphere pa msampha wanu?"

"Keziya..."

"Musanditchule!"

Sajeni anazimitsa sipika, n'kubweza nsalu pa waya kuti anthu asaone. Anakhala pa kreti. "Bambo Zgambo, yambirani poyambira. Mapepala awa mumachotseranji?"

Knowledge anavula magalasi. "Tsiku loyamba ndinangofuna kuona, bwana. Kuona kuti ntchito ya kampani yeniyeni imaoneka bwanji, imene anati ine sindingaithe. Nditatsegula ndinapeza cholakwika choonekeratu. Dzanja linandiyabwa. Ndinakonza. Kenako ndinaona kuti kalata ya Goodluck ikuti mafayilo awiri, ine ndakhudza atatu, ndiye andigwira. Mbwenu ndinaichotsa. Sabata yotsatira ndinachotsanso kuti asadabwe kuti bwanji lero ilipo. Ndinadikira kuti wina afunse. Palibe anafunsa. Chaka chathunthu, palibe."

"Mwakonza kangati?"

"Kasanu ndi kawiri. Zonse zikugwira ntchito pa geti paja mpaka lero." Ananena zimenezi mutu uli chilili, kenako unagwa.

"Nanga lole yoyera?"

"Ndinadzitama pa mowa. Ndinati geti la ku nkhalango limamvera ine. Alamu anga a Jones anamva. Anabwera katatu, ndikukana. Kachinayi anabwera ndi dumbu wanga, mlongo wanga amene ndi mkazi wawo, ndi zikwama zake, ana atatu kumbuyo. Anati ngati sindiwathandiza, katundu wanu uyu, mutengeni. Ine ndimagona muno, bwana, pansi pa thabwa ili. Ndikanawaika pati?"

"Ndiye munaika ine," anatero Keziya.

"Ndinkadziwa kuti palibe amawerenga. Ndinati sizidzaoneka. Za dzina sindinaganize."

"Simunaganize! Munthu woona cholakwika pa mzere wa fote, simunaone dzina langa pamwamba pa tsamba?"

Misozi inatsikira m'ndevu za Knowledge. Keziya anadana nayo misoziyo, chifukwa inkamulanda mkwiyo umene ankaufuna kuti aimirire.

"Lole ili kuti?" anafunsa Sajeni.

"Ku Euthini, kuseri kwa chigayo cha a Jones. Matabwa ena akadali pomwepo, anafundika lona. Ndikakulozerani. Ndikanenanso ku khoti, zonse, ndi kuti mwanayu sankadziwa kanthu."

Sajeni anazula msomali ndi mapepala ake omwe, n'kuika m'chikwama pamodzi ndi fulashi ndi laputopu. "Tsekani kanyumbaka. Eni mafoni muwapatse kaye, asatitsate ku polisi."

Knowledge anagawa mafoni mmodzimmodzi, aliyense yake osalakwitsa. Akutuluka anaima pafupi ndi Keziya, osamuyang'ana.

"Ukawauze za mzere wa fote. Mwezi uno uli ndi sate wani."

*

Lachisanu nkhope khumi ndi ziwiri zinaonekera pa laputopu ya Keziya, zina zikuzimazima. Goodluck anali pamwamba pa phiri, mphepo ikumuwomba juzi. A Stewart anali mu ofesi ya makatani oyera.

"Apolisi atiuza zonse," anatero. "Lole yagwidwa, matabwa ambiri apezeka, kasitomala wakhazikika. Keziya, akaunti yanu tatsegula. Zinali zosamvetsetsana chabe. Tiiwale, tipite chitsogolo. Chotsatira pa mndandanda..."

"Sindinamalize, bwana," anatero Keziya.

"Simunayambe n'komwe."

"Ndiye ndiyambe." Anayang'ana nkhope zonse pa galasi. "Munandinena kuti ndine mbava pamaso pa anthu onsewa. Mundiyeretsenso pamaso pa anthu omwewa, molemba, pa gulu lomwelo. Osati pa foni ya awiri."

Ku Zomba wina anatsitsa maso. A Stewart anakonza kolala. "Chabwino. Ndilemba."

"Nanenso ndili ndi mlandu wanga, ndiunena ndekha. Ndinakweza zinthu osawerenga chaka chathunthu. Sindidzachitanso, ngakhale mundikalipire. Kuyambira lero, chimene walemba Goodluck chituluke ndi dzina la Goodluck, ine ndingokhala wonyamula. Ndipo pasakhale kanthu kokwera pa seva kasanawerengedwe ndi munthu wachiwiri wa tauni ina. Wa ku Luwawa awerengedwe ku Blantyre, wa ku Lilongwe awerengedwe ku Mzimba."

"Keziya, tinakambiranapo. Zimenezo zichedwetsa ntchito."

"Matabwa aja anayenda mofulumira zedi, bwana. Kasanu konse, osaima pa geti."

Wina anaphulika kuseka asanatseke maikolofoni. Anali Rachel Nkhoma wa ku Blantyre, amene anakhalitsa pa kampaniyo kuposa onse. Anatsegulanso.

"Pepani, koma mwanayu akunena zoona. Ine Lolemba ndinawerenga uthenga uja n'kukhala chete, ndipo manyazi akundigwira mpaka lero. Za Goodluck ndiziwerenga ine. Tsiku limodzi lochedwa silinaphepo munthu."

"Ine kalata ndizijambula pompano pa phiri," anafuula Goodluck molimbana ndi mphepo. "Chithunzi chimodzi netiweki imalola. Ndiziponya pa gulu lole isananyamuke, aliyense aone kuti mafayilo ndi angati. Bulangete likatsika pa njira, mbwenu tonse tidziwa!"

"Bulangete lanji?" anafunsa a Stewart.

"Za kwathu kuno, bwana," anatero Keziya. "Tidzakufotokozerani mukadzabwera. Simunafikeko chiyambire."

A Stewart anapumira m'mwamba. "Tiyesa miyezi itatu. Aliyense, ndi ine ndemwe. Mwakhutira?"

"Chatsala chimodzi. M'pulogalamu yathu muli zokonza zisanu ndi ziwiri za Knowledge Zgambo. Tinaombera m'manja munthu wolakwika. Zilembedwe dzina lake."

"Munthu amene anakuikani m'mavuto? Amene ali m'manja mwa apolisi?"

"Yemweyo. Mlandu wa lole akayankha ku khoti, ndipo ine sindikamupepesera. Sindikudziwa ngati ndidzamulankhulenso. Koma zisanu ndi ziwirizo ndi zake. Ndaona mmene zimawawira dzina lako likakhala pa ntchito ya wina. Dzina kuchotsedwa pa ntchito yako kuyenera kuti kumawawa chimodzimodzi."

"Ine ndavomera," anatero Goodluck msanga. "Zichoke pa ine. Zimandilemera."

A Stewart anagwedeza mutu, osaoneka ngati akuvomera kapena akudabwa, n'kulemba kanthu pa pepala.

Uthenga unafika pa gulu cha m'ma fili koloko. Unali wa mizere inayi, wouma ngati chikonyo, koma mawu akuti "Keziya Jere sanalakwe" ndi akuti "ndinafulumira, pepani" analimo. Keziya anauwerenga katatu. Anautumiza kwa Sajeni Lucia, amene anayankha kuti Knowledge wapatsidwa belo ndipo akhala mboni ya boma pa mlandu wa a Jones, n'kuwonjezera kuti, "Chala chija mwamanga?"

Asanayankhe, laputopu inalira. Ntchito yoyamba ya dongosolo latsopano inali itafika, yodikira diso lachiwiri. Yochokera ku Lilongwe. Wolemba: Stewart Kadzuwa. Pansi pake panali mawu akuti, "Kakang'ono aka, ingovomerezani, kasitomala akufuna lero."

Keziya anakoka mpando, n'kuyamba pa mzere woyamba. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chomanga nsanza chikutsata pa galasi. Pa mzere wa khumi ndi chisanu ndi chitatu chinaima. Anabwerera, n'kuwerenganso. Kenako anaimba foni.

"Mwavomereza?" anafunsa a Stewart.

"Ayi, bwana. Ndabweza. Mmene mwalemberamu, lole ya chiphaso chotha ntchito idutsa."

Kunamveka kugogoda kwa zala, kenako kamluzu kakang'ono.

"Mzere wanji?"

"Wa eyitini. Konzani, munditumizirenso. Ndilipo mpaka faifi."